Thumba la M'chipinda cha Mkwiyo

Dzino analipeza pansi pa lole, lili ndi muzu wake womwe. Analitola ndi Wailesi, mwamuna wamtali amene pakamwa pake sipankatsekeka, ndipo analibweretsa kukachipinda ka nesi atalikulunga m'chidutswa cha pepala la simenti.

"Anesi, mwini wake akuti mulibzalenso. Akuti ndi lomwe amasekerera nalo atsikana."

Nesi sanaseke. Mwini dzinoyo anali pampando, mutu chagada, magazi akuyenderera m'khosi mpaka kulowa mu ovololo. Amene anamukuntha ndi thabwa anali pakhomo kudikira nthawi yake, atagwira khutu lomwe mnzakeyo analiluma mpaka kulendewera. Chomwe anakanganirana chinali thumba limodzi lotsala m'lole: uyu akuti unyamule ndiwe, uyo akuti ndiwe. Nesi anatsinzina pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse asanalowetse singano m'thupi la munthu, napempha Mlengi wa thupilo kuti amugwire dzanja. Kenako anayamba kusoka.

Umu ndi momwe zinalili pa depoti imeneyi. Malole ankalowa chammbuyo atadzaza simenti ndi feteleza, amuna n'kumasenza matumba pamsana, kukwera nawo pathabwa lotsetsereka mpaka pamwamba pa mulu. Makina onyamulira katundu anafa kalekale. Anangokhala pakona, matayala ataphwa, nkhunda zikuwanyera. Pakati pa bwalo pankaima kapitawo, munthu wa lilime longa lumo, amene ankadziwa dzina la mayi ake a aliyense ndi ntchito yomwe angalipatse dzinalo. Ndiye munthu akapsa mtima ndi kapitawo, n'kulephera kumukhudza, ankatembenukira mnzake.

Bwana wa depoti anaitana nesi. Anati kulikulu akufuna ndondomeko yosamalira umoyo wa antchito, ndipo akufuna ikhale yooneka ndi maso.

Nesi anali atalipempherera kale tsiku limeneli. Anati makina aja akonzedwe. Anati pakhale mthunzi ndi madzi akumwa, ndi nthawi yoti msana uwongoke dzuwa likafika pamutu. Pomaliza, mwamanyazi pang'ono, anatchula zomwe anamva kumaphunziro ena: kuti mkwiyo uli ngati mafinya, ukapanda kutuluka umadwalitsa, ndipo kuti kuli malo ena a ntchito komwe amapachika thumba loti munthu azilimenya m'malo momenya mnzake.

Nkhope ya bwana inawala. "Chomalizacho. Chimenecho n'chanzeru, mayi. Chikungofuna unyolo basi."

"Nanga makina, bwana?"

"Pang'onopang'ono. Tiyambe ndi chimodzi."

"Tidzadziwa bwanji kuti chikuthandiza?"

"N'zosavuta. Tidzaona mabala ofika pakhomo panu. Akachepa, ndiye kuti zatheka."

Anasesa chipinda chomwe kale ankasungiramo penti, chopanda zenera, cha babu limodzi. Anasoka thumba ndi tenti yakale ya lole, nalithira mchenga ndi utuchi, nalipachika ndi unyolo pachitsulo cha kudenga. Nesi anaima pakhomo kuphunzitsa amuna aja maimidwe: mwendo wina kutsogolo, chala chachikulu kunja kwa chibakera kuti chisathyoke, ndipo ukamaliza utsitse mapewa, upume mozama mpaka mtima ukhale pansi. Amunawo anachitcha chipinda cha mkwiyo. Sabata isanathe Wailesi anali atajambula pathumbapo maso ndi ndevu za kapitawo ndi makala, ndipo nthawi ya chakudya pakhomopo pankakhala mzere.

"Tsiku lonse matumba amatikwera," anatero Wailesi akupukuta thukuta. "Ili lokha ndi lomwe timalikwera ife. Anesi, mukalowa kumwamba osagogoda."

Ndipo ndewu zinachepadi. Singano za nesi zinakhala m'bokosi osatsegulidwa. Lamlungu anaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu, mtima uli myaa, chifukwa ankawakonda amuna aja ngati ana obala yekha.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankalowa m'chipindamo: mlamu wa nesi, mwamuna wa mng'ono wake. Anzake ankamutcha Nkhosa. Anali wamapewa otambalala, woyenda mosathamanga, ndipo m'kwaya ndiye ankagwira besi yomwe inkanjenjemeretsa mabenchi. Nesi ndiye analera mng'ono wakeyo mayi awo atamwalira, ndipo tsiku lomupereka kwa Nkhosa analira misozi yachimwemwe, nati Ambuye amupezera mwana wake pogona. Kapitawo ankamukonda Nkhosa ngati momwe mphaka amakondera mbewa. "Abusa, fulumirani, ulaliki mukaupitiriza kwanu! Kapena amene amavala thalauza kwanuko ndi madamu?" Nkhosa ankangoweramitsa mutu, thumba lili pamsana, n'kumang'ung'udza nyimbo.

Tsiku lina anabwera kwa nesi mutu ukumuwawa. Nesi atamuyeza bipi anachotsa magalasi.

"Alamu, mukufuna mng'ono wanga avale zakuda ali ndi pakati? Mukumeza chiyani m'mimbamo?"

"Palibe, alamu. Kutopa chabe."

"Mukumeza kapitawo wathunthu ndi nsapato zomwe. Kaloweni m'chipinda chija."

Nkhosa anayang'ana manja ake. "Ine sindimenya, alamu. Bambo anga ankamenya. Ndinkamva ndili pansi pa bedi. Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu kuti dzanja ili silidzafumbatira munthu."

"Ndani wanena za munthu? Ndi mchenga uja. Mchenga ulibe mzimu."

Anatenga bandeji, namukulunga manja yekha, chala ndi chala, n'kumupinditsa zala mpaka zitakhala chibakera cholimba. Anamuperekeza mpaka pakhomo la chipindacho, namukankha pamsana mwachikondi.

Poyamba kunali zii. Kenako kunamveka kugunda kumodzi kwamanyazi. Kenako kwina. Kenako unyolo unayamba kulira kudenga, fumbi likugwa m'malata, ndipo amuna amene anali pamzere anasiya kuseka. Mkatimo munkamveka mawu omwe nesi anali asanawamvepo, besi yomwe ija koma yopanda nyimbo. Nkhosa anatuluka mabandeji atafiira, nkhope ili phee ngati ya mwana woti wangoyamwa. Nesi anamuyezanso. Bipi inali itatsika. Anakweza maso kumwamba, nati zikomo.

Kuyambira pamenepo Nkhosa sankaphonya. Ankakhala woyamba pamzere, ndipo ena ankachita kumugogodera kuti atuluke.

Loweruka lina m'mawa, nesi akuyanika zovala, mng'ono wake analowa pageti atavala duku lotsikira mpaka pansidze. Mimba inali itayamba kumulemera, ankayenda dzanja lili m'chiuno.

"Iwe, duku limeneli wamangira ndani? Kuli maliro?"

"Mphepo, achemwali."

Nesi analikoka. Diso lamanzere linali litatupa mpaka kutsekeka, ndipo patsaya panali timabala tondondozana, monga mmene timakhalira timafupa ta chibakera.

"Chitseko cha kabati," anatero mng'onoyo mofulumira.

"Kabati yako ili ndi zala? Ine ndasoka anthu moyo wanga wonse, mwana iwe. Khala pansi."

Mng'onoyo anakhala pakhonde, nayamba kulankhula akuyang'ana zala za kumapazi. Anati anangofunsa chifukwa chomwe mwamunayo sankapitanso kokonzekera kwaya. Basi, funso lomwelo.

"Sanakalipe n'komwe, achemwali. Bola akanakalipa, ndikanathawa. Anangodzuka, n'kuima bwinobwino, mwendo wina kutsogolo, ngati munthu woti anachita kuphunzira. Nditagwa ndinamuona akutsitsa mapewa, akupuma mozama. Nkhope ili mbee, ngati wangotuluka m'bafa."

Chovala chonyowa chomwe nesi anagwira chinagwera m'dothi. Mawu akewo anawazindikira. Anali ake enieni, atayenda ulendo wonse kuchoka pakamwa pake mpaka pankhope ya mwana amene anamubereka kumsana.

"Sukubwererako. Ukhala kuno."

"Pambuyo pake analira, achemwali. Anagwada, anandithowa yekha. Si iye uja, mukumudziwa inunso. Ndi kamodzi kokha."

Nesi anamuchonderera, anamukalipira, anamugwira pamkono. Koma dzuwa litapendeka mng'onoyo anamanganso duku lake, nati mwamuna abwera apeza panyumba palibe munthu.

Lolemba masana nesi sanakhale m'kachipinda kake kopanda odwala. Anapita kugeti, komwe akazi a amuna aja ankadikira ndi zakudya m'makontena. Kale ankangowapatsa moni akudutsa. Tsiku limeneli anawayang'ana ngati nesi. Wina anali atavala magalasi akuda kuli mitambo. Wina ankalankhula ndi mbali imodzi ya kamwa. Mkazi wa Wailesi, mayi wonenepa wansangala, ankapereka kontena ndi dzanja lamanzere, lamanja atalipanikiza pamimba.

"Amayi, dzanjalo latani?"

"Ndinagwa."

"Nonsenu mukugwa? Kwanuko kwachita matope?"

Akaziwo anayang'anana. Mkazi wa Wailesi anaseka kuseka kopanda mano.

"Anesi, ife tikuthokoza. Kale amuna athu ankabwera ndi mabala, ife n'kumawathowa. Tsopano amabwera athunthu. Othowedwa ndife. Si onse ayi, ena mpaka lero ndi anthu. Koma Lamlungu chipinda chanucho chimakhala chokhoma, ndiye dzanja likayabwa limafuna thumba lapafupi."

Nesi anapita molunjika kwa bwana. Anamuuza kuti mabala sanathe, angosamuka, apita komwe singano yake sifika. Anapempha kuti thumba litsitsidwe lero lomwe.

"Mayi, za m'nyumba za anthu si za kampani," anatero bwana. "Tinagwirizana kuti tiona mabala ofika pakhomo panu. Afika?"

"Sanafike, bwana, koma..."

"Ndiye zatheka. Lachisanu kukubwera alendo a kulikulu. Akufuna zimenezi zifalikire kumadepoti onse. Ndasankha mlamu wanu kuti awaonetse, si ndinu munandiuza kuti bipi yake inatsika? Musadzichotsere nokha ulemu."

Nesi anamupeza Nkhosa kumpopi akusamba fumbi la simenti. Timafupa ta zala zake tinali titachita zikang'a.

"Alamu, ndamuona mng'ono wanga."

Madzi anapitirira kutuluka. Nkhosa sanatembenuke.

"Munandimanga manja ndinu," anatero motsitsa. "Ine ndinakana."

"Ndinamanga ndine, ndipo ndikayankha kwa Mulungu. Koma ndinakuperekezani pakhomo la thumba. Pakhomo la mkazi wanu munafika nokha. Musalowenso m'chipinda chija. Tiyeni kwa abusa, tiyeni kuchipatala, kulikonse, ndikuperekezani."

"Ndikapanda kulowamo mutu umaphulika, alamu. Simukudziwa inu. Chimene munadzutsa chija sichigonanso."

Anatseka mpopi, nabwerera kumalole. Nesi anapita kunyumba ya mng'ono wake madzulo a tsikulo, napitanso mawa lake, koma mng'onoyo ankangomulandira ndi tiyi, n'kumati zonse zili bwino.

Lachisanu bwalo linasesedwa, makina akufa aja anawafunditsa tenti. Alendo anafika atavala zoyera bwino, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa tsitsi la imvi. Bwana anawatengera kuchipinda cha mkwiyo, antchito onse akutsatira. Nesi anatsalira kuti atenge mabandeji. Akudula bandeji ndi sizasi, chitseko chinatseguka, ndipo mkazi wa Wailesi analowa atakoleka mng'ono wa nesi paphewa.

Mng'onoyo anali atapindika, akupuma modukiza. Diresi yake inali itanyowa magazi kumbuyo.

"Ndamupeza pansi m'khitchini," anatero mkazi wa Wailesi. "Chitseko chinali chotsegula. Akuti zachitika m'mawa, mwamunayo asananyamuke. Galimoto ndaisowa, ndiye ndati bola kuno n'kufupi."

Nesi anamugoneka pabedi. Atakhudza nthiti, mng'onoyo anakuwa. Anaika dzanja pamimba, nadikira. Anadikirabe. Mimba inali chete.

"Ndinangoti asapite kukamenya pamaso pa alendo," ananong'ona mng'onoyo. "Ndinaima pakhomo. Achemwali, mwanayu sakugunda."

"Khala chete, usunge mpweya. Amayi, mugwireni dzanja, musamusiye."

Galimoto yaing'ono pa depoti inali imodzi, ndipo makiyi ake ankakhala m'thumba la bwana. Nesi anathamanga kudutsa bwalo, sizasi ikadali m'manja osadziwa.

M'chipinda cha mkwiyo munali modzaza, motentha, monunkha thukuta ndi penti yakale. Amuna anali ataima m'mbali mwa makoma akuwomba m'manja mogwirizana ndi zibakera. Pakati panali Nkhosa, malaya atavula, akulikuntha thumba lija mpaka unyolo kumalira. Alendo aamuna aja ankagwedeza mitu mokhutira. Bwana anali mbali ina ya thumba, akufotokoza ndi manja.

"Bwana! Makiyi!"

Mawu ake anamira m'phokoso. Anayesa kudutsa m'mbali, koma panalibe podutsa. Ndiye anadutsa pakati. Thumba linali litapita uko, iye analowa pamalo pake, ndipo chibakera chomwe chinali kale m'njira chinamupeza pansagwada.

Anaona kuwala, kenako anapezeka ali pansi, tsaya lili pasimenti. M'kamwa munadzaza mchere. Magalasi ake anali uko, ataphwanyika. M'chipindamo munangoti zii, kupatula unyolo womwe unkalirabe.

Anadzuka pogwira thumba lomwelo. Analavula magazi ndi chidutswa cha dzino.

"Mkazi wanu ali pabedi langa, alamu," anatero, mawu akutuluka mopotoka. "Akutaya magazi. Mwana sakugunda." Anatembenukira alendo aja. "Mwabwera kudzaona mabala? Kuno kulibe. Ali kugeti, amabwera masana ndi makontena. Lina lili m'chipinda changa. Bwana, makiyi."

Bwana anayamba kusisita matumba a jekete. Zikanathera pomwepo. Koma kapitawo, amene moyo wake wonse sanaphunzire nthawi yotseka pakamwa, anaseka kuchokera pakhomo.

"Aa, Nkhosa yamera nyanga! Abusa, ndiye mwayambira madamu, kenako alamu? Amuna anzanu mumawaopa?"

Nkhosa anatembenuka pang'onopang'ono. Anaika mwendo wina kutsogolo.

Chibakera choyamba chinaphwanya mphuno ya kapitawo, magazi anawazikira pamalaya a mlendo. Chachiwiri chinamumenyetsa kukhoma. Ndipo amuna aja, amene kwa nthawi yonseyi ankamenya ndevu za makala, ataona ndevu zenizeni zili pansi, anamugwera onse. Nsapato zachitsulo zinkamveka m'nthiti. Wina anatenga chitini cha penti. Wina anaphwanya babu ndi chigongono, m'chipindamo munada, kuwala kukungolowera pakhomo. Mumdimamo sankaonanso amene akumenya. Wailesi anakuwa kuti wina wamuthyola mkono. Mlendo wina anakwawa kutuluka pakati pa miyendo ya anthu, bwana ali pambuyo pake. Nkhosa anali atagwada pachifuwa cha kapitawo, akumenya, kuphonya, kumenya simenti, osamva kuti mafupa a manja ake akuthyoka.

Nesi anakuwa dzina la Ambuye, koma palibe anamva. Thumba linamugunda paphewa likuzungulira. Pamenepo ndi pomwe anaona kuti sizasi ikadali m'dzanja lake. Anaibaya pakati pa maso a makala aja, naikokera pansi ndi manja onse awiri, ndi mphamvu zonse za mkono umene unasoka anthu ambirimbiri. Tenti inang'ambika. Mchenga ndi utuchi zinakhuthukira pamsana pa Nkhosa, pamitu ya amene anali pansi, m'maso ndi m'kamwa. Anthu anayamba kutsokomola, kutikita maso, kubwerera m'mbuyo. Nesi anagwada mumchengamo, nagwira nkhope ya mlamu wake ndi manja awiri.

"Alamu! Mupha munthu. Mwina mwapha kale wina m'mawa uno. Kwakwana."

Nkhosa anamuyang'ana ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Mapewa ake anayamba kutsika, chifuwa chinayamba kukoka mpweya mozama, monga anaphunzitsidwira. Koma pakati pake mpweyawo unasweka, nusanduka kulira.

Dzanja linagwira nesi paphewa. Anali mayi wa imvi uja, makiyi a galimoto yake ali m'manja.

"Ali kuti mng'ono wanuyo? Tiyeni. Kapitawoyunso munyamuleni, akupumabe."

Njira yonse nesi anakhala kumbuyo, mutu wa mng'ono wake uli pamiyendo, dzanja lili pamimba ija. Kapitawo ankabuula kumpando wakutsogolo. Nesi sankatha kutsegula kamwa, choncho nyimbo yomwe ankamuimbira mng'onoyo ali wakhanda anangoing'ung'udza m'mphuno, magazi akudontha pachibwano. Sanapemphe zambiri. Anangoti, Ambuye, cholakwa ndi changa ndi cha mwamuna uja, uyu sanaone n'komwe dzuwa.

Akukhota kulowa pageti la chipatala, pansi pa chikhatho chake panagunda kanthu. Kamodzi, mofooka, ngati munthu wogogoda pakhomo la eni ake. Mng'onoyo anatsegula maso.

"Achemwali, mwamva?"

Nesi anangogwedeza mutu, misozi ikusakanikirana ndi magazi.

Nthiti ziwiri zinali zothyoka, koma madokotala anati mwana ali moyo, bola mayi agone osagwira ntchito mpaka nthawi yake. Kapitawo anakhalitsa m'chipatala, ndipo anatuluka diso limodzi litafa. Chipinda cha mkwiyo anachikhoma. Mayi wa imvi uja anabweranso yekha, nakhala pageti masana ndi akazi a makontena, kumvetsera. Za makina aja anati akazinena kulikulu. Mpaka lero akadali pakona, koma mthunzi ndi thanki ya madzi zinabwera. Mkazi wa Wailesi anatengera ana kwa mchimwene wake, nati abwerera mkono wa mwamunayo ukapola ndi nzeru zomwe.

Mng'ono wa nesi atatuluka m'chipatala sanafunsenso za kunyumba kwake. Anagona m'chipinda cha mkulu wake, pabedi lomwe ankagona ali mtsikana.

Masana ena, nesi akusenda mbatata pakhonde, nsagwada ikadali yomangidwa ndi mawaya, anaona munthu ataima kunja kwa geti. Anali Nkhosa. Apolisi anali atamutulutsa kuti azidikira mlandu ali kunja, ndipo ntchito inali itatha. Anali ataonda, ndevu zitamera. Manja anawanyamula patsogolo ngati zinthu za munthu wina, atatupa ngati mabuledi, mabala akutuluka mafinya.

"Alamu," anatero. "Kuchipatala ndikuchita manyazi."

 Nesi analowa m'nyumba, natuluka ndi beseni la madzi otentha, mankhwala, mabandeji ndi timatabwa tiwiri. Anakhoma chitseko cha nyumba, kiyi naika m'thumba. Geti sanatsegule. Anamuuza kuti alowetse manja pakati pa zitsulo.

Anatsuka mabalawo mosanyengerera. Nkhosa analuma mlomo, osadandaula.

"Ali bwanji?"

"Ali moyo. Onse awiri," anayankha nesi kudzera m'mano.

"Ndingamuone? Pang'ono pokha. Ndigwade, andione kuti ndagwada."

Nesi asanayankhe, zenera la kuchipinda linatseguka pang'ono. Katani sinasunthe, koma mawu anatuluka, ofooka koma osanjenjemera.

"Munagwada kale, bambo ake mwana. Ndinakuonani. Kenako munadzuka."

"Ndasintha, mayi. Thumba lija kulibenso."

"N'chifukwa chake sinditsegula. Pitani kwa abusa, pitani kwa madokotala a maganizo, pitani kukhoti mukanene zoona. Mwana akabadwa achemwali adzakuuzani. Ine ndikupemphererani ndili mkati muno."

Zenera linatsekeka. Nkhosa anatsamira mutu pazitsulo za geti, mapewa akugwedezeka. Nesi anamusiya alire. Mtima wake unkamuwawira mwamuna ameneyu, amene anamukankha yekha pamsana tsiku lija, koma kiyi anaisiya momwe inali.

"Mafupa awa athyoka," anatero. "Mawa mupite akakujambuleni, manyazi omwewo. Ndikupezani pakhomo la chipatala. Tambasulani."

"Zikuwawa, alamu."

"Ndikudziwa. Tambasulani."

Anaika kathabwa pansi pa chikhatho chilichonse, nawongola zala zotupazo chimodzichimodzi, Nkhosa akubuula. Kenako anatenga bandeji nayamba kukulunga, chala ndi chala, monga anachitira tsiku loyamba lija. Koma ulendo uno anawamanga manjawo ali otambasula.